"I work hardly": mau amene amakuikani m'gulu la aulesi

M'makalata ofunsila nchito mumapezeka ciganizo cina cimene cimaoneka caulemu koma n'coopsa: "I work hardly." Wolemba amafuna kuuza abwana kuti ni wolimbikila. Koma abwana odziŵa Cizungu akaŵelenga, amamva kuti munthu uyu nchito amangoikhudza cabe. Munthu wadzineneza yekha ulesi, n'kusaina pansi.

Si umbuli umene umacititsa zimenezi. Ni lamulo limene tinaligwila bwino kusukulu, lakuti ukafuna kufotokoza mmene cinthu cacitikila, uikako "-ly" kumapeto kwa liu. "Quick" amakhala "quickly", "slow" amakhala "slowly". Ndiye mutu umati nayenso "hard" akhale "hardly". Msampha uli pamenepa. "Hard" safuna coonjezela. "She works hard" ndiye kuti amagwila nchito molimbika, basi. "Hardly" ni liu lina palokha, ndipo tanthauzo lake n'lakuti pang'ono cabe, moti tingati sizinacitike n'komwe.

Mnzanu akati "I hardly slept", ndiye kuti tulo anangotulaŵa. Kunyumba akati "There is hardly any mealie meal", unga watsala wa m'makona a saka. Wina akalemba pa WhatsApp kuti "The bus is hardly moving", dziŵani kuti wagwidwa na mzele wa mamotoka pa Great East Road ca m'ma 17 hours, ndipo safika manje-manje. Onaninso malo ake: "hardly" amakonda kutsogolela mneni, pamene "hard" amabwela pambuyo. "He hardly works" na "He works hard" ni anthu aŵili osiyana. Woyamba acotsedwa nchito, waciŵili akwezedwa.

Coseketsa n'cakuti amene amalemba "I work hardly" akanakhala olondola zaka mahandiledi angapo zapitazo. M'Cizungu cakale, "hardly" anali kutanthauza mwamphamvu kapena movutikila. Koma cinthu cocitika movutikila cimakhala pafupi kulepheleka, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1500 liuli linali litayamba kutanthauza pang'ono cabe. Tanthauzo limeneli ndilo linapambana. Ndipo "hardly" sali yekha. "Late" ni mocedwa, koma "lately" ni masiku ano. "Near" ni pafupi, koma "I nearly fell" ndiye kuti munatsala pang'ono kugwa. "Shortly" sakamba za kufupika kwa msinkhu, akamba za posacedwa.

Ena adzati: n'kuvutikilanji na citundu ca eni ake, si tili na Cizungu cathu ca muno mu Zambia? Zoona, tili naco, ndipo palibe cocititsa manyazi. Tikati "now now" kapena "I'm asking for a pen", aliyense amamva zimene tifuna. Koma "hardly" ni nkhani ina. Sasintha kamvekedwe cabe, amatembenuza uthenga wonse. Pokambilana pamaso, nkhope yanu imakuthandizani ndipo mnzanu angakufunseni. Kalata siingadziteteze. Cizungu ndico citundu ca boma m'dziko muno, ndico ca makontilakiti na ca mayeso ambili a ECZ, ndipo amene amaconga pepa lanu la Giledi 12 kapena kusankha ma CV amaŵelenga zimene mwalemba, osati zimene munali kuganiza.

Ndipo tisaiŵale kuti Cinyanja cathu naco cili na misampha yotele. Kuuza mwana kuti "idya pang'ono" n'kosiyana na kumuuza kuti "idya pang'ono-pang'ono". Koyamba mwamumana nsima, kaciŵili mwangomuuza kuti asathamange. Mlendo akasokoneza ziŵilizi timamuwongolela, ndipo sitiona ngati tamunyoza. Conco mnzanu akakuwongolelani pa "hardly", musakwiye. Ndipo mukaona liuli pa kalata ya mnzanu, muuzeni asanaipeleke, osati kumuseka kumbali.

Njila yodziyesela ni yapafupi. Paliponse pamene mwalemba "hardly", cotsaniponi muikepo "almost not", ndiyeno ŵelengani mokweza. Ngati zimene mwamva ndizo munafuna kukamba, lisiyeni. Ngati mwadzimva mukuuza abwana kuti simugwila nchito, fufutani "-ly" ameneyo musanatumize.