Funso la Mwana wa Kalasi Yoyamba

Caka ca sukulu cikatha, aphunzitsi amamata pepala pa khoma. Pepalalo amati pauta. Pamakhala maina a ophunzira ndi manambala awo. Nambala yaikulu ndi 20. Amene wapeza 10 kapena kuposa, wakhoza. Makolo amabwera, amafunafuna dzina la mwana wawo, amaona nambala, basi amabwerera kunyumba. Ena amapita akumwetulira. Ena amapita ali ndwii.

Nambala ndi yofunika. Koma nambala sinena zonse zimene mwana waphunzira. Mtsikana wina wa ku Ulónguè, ku Angónia, anazindikira zimenezi usiku wina ali pakhonde.

Mtsikanayu amaphunzira ku sekondale. Pa phunziro la Cipwitikizi, kalasi yake inawerenga nkhani za m'mabuku. Tsiku loyamba aphunzitsi analemba zolinga zitatu pa bolodi. Coyamba: kuwerenga nkhani yonse mpaka kumapeto. Caciwiri: kuifotokoza ndi mau ako. Cacitatu: kunena maganizo ako pa nkhaniyo, ndi cifukwa cake. Onse anakopera zolingazo m'makope. Ambiri sanaziyang'anenso.

Nkhani imodzi imene anawerenga ndi ya Luís Bernardo Honwana. Iye anabadwa mu 1942 ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Buku lake linatuluka mu 1964, Apwitikizi akulamulirabe Moçambique. Ufulu unabwera pambuyo pake, pa 25 June 1975. Bukulo lili ndi nkhani 7, ndipo dzina lake ndi Nós Matámos o Cão-Tinhoso. M'Cinyanja ndiye kuti: Ife tinapha galu wamphere.

Nkhaniyo ili motere. Pafupi ndi sukulu ina pankakhala galu wokalamba. Thupi lonse linali zilonda zokhazokha. Maso ake anali obiriwira ngati thambo. Ankayenda monjenjemera, ndipo ngakhale agalu anzake sankamufuna. Mtsikana mmodzi yekha, Isaura, ankamugawira cakudya cake. Mnyamata wina, Ginho, nayenso ankamumvera cisoni, koma mwakacetecete. Tsiku lina akuluakulu anagwirizana kuti galuyo aphedwe. Bambo wina wa ku ofesi ya ziweto anapereka nchitoyo kwa anyamata. Anyamata anakatenga mfuti kunyumba. Galu anamukoka ndi cingwe. Isaura anayesa kumuteteza, koma zinakanika. Galu anafa.

Pa mayeso mtsikana uja anapeza 15. Anadziwa dzina la wolemba. Anadziwa caka. Anadziwa maina a anthu onse a m'nkhani. Abambo ake anakondwa kwambiri. Amayi anakazinga kacewere, banja lonse linadya bwino.

Atatha kudya, mlongo wake wamng'ono anakhala pafupi naye. Iye ali m'kalasi yoyamba. Sadziwa kuwerenga buku lalikulu, koma nthano amazikonda.

"Acemwali, ndiuzeni nkhani ya galuyo."

Mtsikana anayamba. Anafuna kunena mau a m'kope, koma mau a m'kope anali a Cipwitikizi, ndipo mwanayo sakanawamva. Motero anafotokoza m'Cinyanja, pang'onopang'ono, akufunafuna mau. Mwana anamvetsera ali cete mpaka kumapeto. Kenaka anafunsa:

"Acemwali, Ginho ankamukonda galuyo?"

"Inde, ankamukonda."

"Nanga bwanji sanakane?"

Mtsikana anatsegula pakamwa, koma yankho silinabwere. Anakumbukira tsamba lililonse la m'kope mwake. Munali dzina la wolemba, caka, malo, ndi mau akuti nkhaniyi ikunena za nthawi ya atsamunda. Yankho la funso ili munalibe.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mwana wa zaka 6 anafunsa funso limene mayeso sanafunse. Ndipo funsolo ndiye mutu wa phunziro lonse. Munthu sawerenga nkhani kuti aloweze caka cokha. Caka cikhoza kulembedwa pa dzanja, mawa n'kufufutika. Munthu amawerenga kuti aganize: uyu anacita ciani, anacitiranji, ndikanakhala ine ndikanatani? Wophunzira amene sanafike pamenepo sanamalize ulendo, ngakhale pauta ikunena kuti wakhoza.

Mtsikanayo anacita cinthu cabwino. Sanakalipire mlongo wake. Sananene kuti, "Ndiwe mwana, sungamve." M'mawa anatsegula kope pa tsamba loyamba, pamene panali zolinga zitatu zija. Anadzifunsa yekha, cimodzicimodzi.

Kodi nkhani yonse anaiwerenga? Inde, ngakhale kumapeto anathamanga cifukwa buku linali lobwereka ndipo mwini wake ankalifuna.

Kodi angaifotokoze ndi mau ake? Apa anaima kaye. Caka conse ankabwereza mau a aphunzitsi. Tsiku loyamba kuifotokoza ndi mau akeake linali dzulo lomwelo, pakhonde, mayeso atapita kale. Analemba kuti: ici ndacikwanitsa dzulo.

Nanga maganizo ake? Pa mzere wacitatu analemba mau awiri okha: sindinafike ayi.

Kulemba comweci si cinthu capafupi. Munthu amene wapeza 15, amene amudyera kacewere, safuna kuvomera kuti pali cimene casowa. Koma palibe wina akanamuuza. Aphunzitsi anaona pepala lake, ndipo pepalalo linali labwino. Abambo anaona nambala. Amene ankadziwa kuti m'mutu muli malo opanda kanthu anali mwini wake yekha.

Anakabwerekanso buku. Ulendo uno anawerenga mosathamanga, ali ndi funso la mlongo wake m'mutu. Anaona zinthu zimene poyamba zinamudutsa. Lamulo linacokera kwa akuluakulu, ndipo pa nthawi imeneyo mwana sankatsutsa lamulo lotere. Panalinso Quim, mtsogoleri wa anyamata, amene ankanyoza aliyense wamantha. Ginho ankafuna kukhala m'gulu. Ankaopa kusekedwa. Mantha amenewo anakula kuposa cisoni cimene anali naco pa galu.

Kenaka mtsikana anayang'ana cikuto ca buku, cimene anaciona kambirimbiri. Mau oyamba ndi "Nós", ndiye kuti "ife". Ginho ndiye amafotokoza nkhaniyo. Akanatha kunena kuti, anzanga anapha galu. Sanatero. Anadziwerengera pamodzi ndi anzake. Mtsikanayo anaganiza kuti Ginho sanadzikhululukire. Mwina wowerenga wina angaone mosiyana, ndipo palibe colakwa. Cacikulu ndi cakuti maganizo amenewa anali ake, ndipo akanatha kuloza pamene wawapeza.

Kholo lina linganene kuti: 15 ndi 15, mwana wapita kalasi ina, zinazo n'zacani? Kholo limeneli lili ndi mfundo. Popanda nambala mwana sapita patsogolo, ndipo satifiketi sapatsidwa cifukwa ca nkhani za pakhonde. Mphunzitsi nayenso ali ndi ana ambiri m'kalasi. Sangakhale pansi ndi aliyense kumva maganizo ake. Amafunsa zimene angathe kuzikonza msanga, monga maina ndi zaka. Si ulesi. Nthawi ndi imene imacepa.

Cifukwa cake nchito ina imatsalira kunyumba. Ndipo nchitoyi siifuna munthu wodziwa Cipwitikizi. Agogo amene sanapite ku sukulu amadziwa bwino mwana amene wamva nthano ndi amene sanamve. Akanena za Kalulu ndi Njobvu, amasiya dala pakati, n'kufunsa kuti, "Kalulu wabisaliranji?" Mwana akayankha, agogo amadziwa pamene wafika. Kholo lililonse lingacite cimodzimodzi. Likatha kufunsa kuti, "Wapeza zingati?", liwonjezere kuti, "Tatiuza zimene unawerenga." Ndipo limvetsere mpaka mwana amalize, ngakhale nsima ili pamoto.

Mwana wa kalasi yoyamba nayenso ali ndi zolinga zake. Ndi zazing'ono, koma ndi zake: kudziwa a, e, i, o, u, kulemba dzina lake, kumva nthano ndi kuinenanso. Akhoza kuphunzira kunena kuti, "Ici ndikudziwa, ici sindinadziwe." Mwana wotere asasekedwe. Akasekedwa kamodzi, mawa adzabisa.

Sabata itatha, mtsikana uja anaitana mlongo wake pakhonde.

"Iwe, funso lako lija ndalipezera yankho. Ginho sanakane cifukwa ankaopa kuti anzake amuseka."

Mwana anapukusa mutu. "Ine ndikanakana."

"Anzako onse akukuseka? Ngakhale amene umasewera nawo mpira?"

Mwana anayang'ana pansi. Anatola kamtengo, n'kuyamba kujambula galu pa dothi. Anajambula miyendo inayi, mcira, ndi maso aakulu.

"Ndidzakuuzani mawa, acemwali."

Mtsikana anatsegula kope lake. Pa mzere wacitatu anafufuta mau aja, n'kulemba kuti: ndayamba.