KAMBALAME KOSAMANGA CISA KUNO



Lamulungu lapitali ndinakhala pansi pa mtengo wa mthethe kuseri kwa komboni, ndirikusoka jekete langa. Pamwamba panga panali kambalame kosakhazikika, kulumpha nthambi iyi ndi iyo, kusuzumira kunsi kwa masamba, kutola timbozi ndi nsabwe za m'masamba. Nthawi ndi nthawi kanali kulira motsitsa mau, "huu-it, huu-it." Mkulu wina wa ku Dedza amene anakhala pafupi anati, "Katimba ako, mbadwa ya pano." Ndinati, "Iai bambo, ameneyu ndi mlendo kuposa inu ndi ine." Iwo anaseka. Tsono ndati ndilembe mbiri yace, kuti woseka aseke atamva.

Dzina lace m'Cingerezi ndi Willow Warbler. Kumsana nkobiriwira motuwa, kumimba nkoyera mocita cikasu pang'ono, ndipo pamwamba pa diso kali ndi mzere woyera ngati nsidze. Utali wace ndi masentimita 11 kapena 12. Kulemera kwace ndi magalamu 10 kapena kucepera, monga bokosi la macesi. Kamaoneka kuno ku South Africa, ndi ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, kuyambira October kufikira March kapena April. Pamenepo kamasowa, osatsazika.

Kodi alipo mwa inu amene anaonapo cisa cace? Palibe, pakuti kuno sikamanga, sikaikira, sikalera ana. Kuno kamadzera cakudya cokha. Kwao ndi kumpoto kwenikweni, m'nkhalango za ku Britain, Sweden, Finland ndi Russia, kufikira kum'mawa kwa Siberia. Cisanu cikayandikira kumeneko tizirombo timatha, ndipo kambalame kodya tizirombo sikangakhale. Kamanyamuka.

Asayansi a pa yunivesite ya Lund ku Sweden anagwira timbalame timeneti kum'mawa kwa Siberia, natimangirira kumsana kacipangizo kolemba kuwala kwa dzuwa tsiku ndi tsiku. Caka cotsatira anatigwiranso pa malo omwewo, nawerenga zimene kacipangizo kanalemba. Mu 2018 analengeza kuti tinayenda makilomita 13,000 kufika kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Kupita kokha kumeneko, kubwerera padera. Inu amene mudziwa kutalika kwa Blantyre ndi Johannesburg, ŵerengani ulendo umenewo ka 9, ndipo mudzakhala musanafike. Taonaninso mau aja akuti "pa malo omwewo." Kambalame kanadutsa maiko onsewo, nikabwerera pa thengo lomwe kanacokera.

Kamayenda usiku, masana nikatera kudya ndi kupuma. Kamba wa paulendo kamanyamula m'thupi momwe: kasanadutse nyanja kapena cipululu kamadya kolimba kufikira mafuta atakuta cifuwa, ndipo mafutawo ndiwo amatha kali m'mwamba. Ambiri amagwera m'njira. Codabwitsa ncakuti ana oswedwa caka comweco amayenda ulendo woyamba popanda makolo owalozera njira. Ife tsiku loyamba kudza kuno tinagwira malaya a odziwa kale, koma tinasocera ndithu pa siteshoni.

Cimene cinanditenga mtima koposa ndi nkhani ya nthenga. Mbalame zambiri zimasintha nthenga za mapiko kamodzi pa caka. Aka kamasintha nthenga zonse kawiri: koyamba kwao katatha kulera ana, kaciwiri kuno pakati pa dzinja. Nthenga zimene kanabwera nazo zimakhala zitaperepeseka ndi ulendo, dzuwa ndi minga, ndipo sizingakafikitse kwao. Motero m'miyezi ino ya January ndi February kamathothola imodzi imodzi, zatsopano zikumera, osaleka kufuna cakudya. Sikasintha cifukwa ca kunyada, monga anyamata ena amene ndimawaona pa sitolo tsiku la malipiro. Kamabvala za paulendo. Nthenga zikakwanira kamayamba kuimba nyimbo ya kwao, yoyamba pamwamba ndi kutsika pang'ono pang'ono. Mukaimva imeneyo dziwani kuti katundu wamangidwa.

Kumpotoko tamphongo timafika poyamba, kali konse nikagwira dera lace ndi kuimba kufikira kakazi katabwera. Kakazi ndiko kamanga. Cisa cimakhala pansi m'maudzu, cozungulira ngati kankhokwe, khomo pambali, m'kati moyalidwa nthenga. Kamaikira mazira 6 kapena 7 kawirikawiri, nikafungatira masiku 13 kapena 14, ndipo anawo amaturuka m'cisa patapita masabata awiri. Akuru anati timba sacepa ndi mazira ace. Miyezi ya banja ndi yocepa, inai kapena isanu; yotsalayo kamathera pa njira ndi kuno kwa eni. Ndipo ambiri sapitirira zaka ziwiri za moyo. Ndikaganiza zimenezi sindidziwa ngati nditi kwao ndi kumene kamakhalitsa kapena kumene kuli cisa. Nkhani imeneyo tinakangana nayo m'cipinda mwathu mpaka magetsi anazima, ndipo amene anakwiya koposa ndi mnzathu amene watha zaka 7 osaponda kumudzi.

Ndiulule cimodzi. Ndiri mwana, poweta mbuzi, ndinapha timbalame totere tosawerengeka ndi legeni ndi ulimbo. Tinali kuoca pa makala, ndipo kamodzi sikanali kukwana nthongo ziwiri za nsima. Mwina mwa ito munali kena kocokera ku Siberia, kamene kanapulumuka nyanja, cipululu ndi akabawi, nikathera pa mwala wa mwana wosabvala. M'kalata imene ndatumiza kumudzi sabata ino ndauza mwana wanga kuti legeni wace alondere naye mapira, koma ka nsidze zoyera akaleke.

Lamulungu likudzali ndidzapitanso pa mthethe paja. Mkulu wa ku Dedza wati adzabwera, ati akaone yekha nsidzezo.