Galu Akaluma, Mlandu Ndi wa Yani?

Galu akang'amba mwana wa mnansi, mwini wake amafulumira kunena kuti: "Mtundu wake ndi wotero." Kodi mau amenewa angamucotsere mlandu?

Zoonadi, mtundu uli ndi mbali yake. Bala la pit bull silifanana ndi la kagalu ka kumudzi. N'cifukwa cake dziko la Britain linaletsa mtundu umenewu mu 1991. Komabe anthu kumeneko akulumidwabe, ngakhale ndi agalu a mitundu yololedwa.

Buku la Eksodo, mutu 21, limaweruza nkhani yofanana nayo. Ng'ombe ikapha munthu ndi nyanga, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati anacenjezedwa kale za ukali wake, iye osaitsekera, mlandu ndi wake.

Galu sadzimanga yekha pa unyolo. Womuumika padzuwa usana wonse, womumana cakudya kuti aluse, wosiya cipata cosatseka usiku, ndi munthu. Tsono inu oweta agalu, mangani mpanda wolimba ndipo muwabayitse katemera wa ciwewe. Mnansi akabwera kudzadandaula, musamuthamangitse ndi mau olasa. Dandaulo lakelo ndilo cenjezo lanu, ndipo lafika mwana asanavulale.