Mabuleki a disiki kumbuyo: a ku Khuyu tisatengeke

Masiku ano eni magalimoto ena akuchotsa mabuleki a dramu kumbuyo n'kuikapo a disiki, ati ndiye chitukuko. Inetu ndikuti kuno ku Khuyu tisatengeke. Zoona, disiki imazizira msanga, koma zimenezo n'zothandiza pa zitsetse zazitali ngati za ku Chiweta. Likoma ndi chilumba chaching'ono, komanso ntchito yaikulu yoimitsa galimoto ili pa mabuleki akutsogolo. Dramu njotsekeka, mchenga wam'misewu yathu sulowamo wamba. Nanga chitsulo cha disikiyo chikafa, si mpaka kudikira Ilala ibweretse china kuchokera ku Nkhata Bay? Mukasinthanso osalinganiza mphamvu, mateyala akumbuyo amagwira msanga, galimoto n'kutembenuka anthu ali momwemo. Ndalamazo, abale, tikonzetsere dramu yomweyo, tigulenso mafuta atsopano a mabuleki.