Tikuonera filimu kapena mwatilowetsa m'sitolo ya mawotchi?

Funsani okonda mawotchi kuti mafilimu abwino ndi ati. Musanafike pa munthu wachitatu mudzakhala mutauloweza mndandanda wake. Le Mans ya 1971, chifukwa Steve McQueen anavala Heuer Monaco. Apocalypse Now ya 1979, chifukwa cha Seiko ya Martin Sheen ndi Rolex ya Marlon Brando. Interstellar ya 2014, chifukwa cha Hamilton. Ndiye mafilimu a James Bond, onse, okoma ndi ozizira omwe. Anthu amenewa amakonda chinthu chawo ndi mtima wonse, ndipo ife tilibe nawo mlandu. Mlandu tili nawo ndi inu, akuluakulu a makampani a mawotchi ku Geneva ndi ku Biel, pamodzi ndi anzanu opanga mafilimu ku Hollywood ndi ku London. Mndandanda umenewu analemba ndani? Oonera, kapena anyamata anu otsatsa malonda?

Tiyambe ndi Bond, poti ndiye ng'ombe yanu yamkaka. Mu Dr. No ya 1962, Sean Connery anavala Rolex Submariner. Roger Moore, m'mafilimu angapo kuyambira 1977, ankavala Seiko ya manambala. Kuchokera pa GoldenEye ya 1995, mkono wa kazitapeyu unasanduka munda wa Omega, ndipo mpaka pa No Time to Die ya 2021 palibe wina analimapo. Mumatiuza kuti anasankha ndi Lindy Hemming, mayi woyang'anira zovala, poganiza kuti msilikali wa pamadzi wa ku Britain angavale Seamaster. Chabwino, tavomera. Nanga zaka zonse zotsatirazo? Kunalibe wina woyang'anira zovala amene anaganizapo zina? Mu Casino Royale ya 2006, mayi wina m'sitima akufunsa ngati wotchi ya Bond ndi Rolex, Bond n'kuyankha kuti ndi Omega. Mawu amenewo anawafuna ndi wolemba nkhani kapena wolemba cheke? Atawachotsa, nkhani ikanapunduka pati? Ndipo Spectre itatuluka mu 2015, inu a Omega n'kutulutsa mawotchi 7,007 okha a mtundu umene Daniel Craig anavala, nambala yothera pa 007 ija inangochitika mwangozi?

Musatiuze kuti filimu imadya ndalama zambiri. Tikudziwa. Sitikuletsani kugulitsa, ndiponso sitikunena kuti kuika katundu m'filimu ndi kuba. Tikufunsa chinthu chimodzi: mumabisiranji? Ku Britain, kuyambira 2011, pulogalamu ya pa wailesi ya kanema yopangidwa komweko ikakhala ndi katundu wolipiridwa, amaonetsa chilembo cha P kuti woonera adziwe. Koma munthu amene walipira tikiti ya ku cinema, dzina la kampani amalipeza kumapeto, m'timalemba tothamanga, magetsi atayaka kale ndipo anzake akutuluka. Kodi woonera wa kunyumba ndiye woyenera kuuzidwa zoona, wa ku cinema ayi? Munalipira zingati? Munapereka ndalama, mawotchi, kapena lonjezo lotsatsa filimuyo m'masitolo anu? Munali ndi mphamvu yonena kuti kamera iime pa mkono masekondi angati? Ngati mgwirizanowo ndi woyera, ukuopa chiyani kuwala kwa dzuwa?

Chodabwitsa n'chakuti mawotchi amene anthu amawakondetsetsa m'mafilimu ndi aja amene munalibe nawo mphamvu. Brando anachotsa mkombero wa Rolex yake, n'kulemba dzina lake kumbuyo ndi dzanja lake. Ndi ofesi iti yotsatsa malonda ikanalola zimenezo lero? Wotchi yomweyo inagulitsidwa pa okshoni ya Phillips mu 2019 pa madola pafupifupi 2 miliyoni. Rolex Daytona ya Paul Newman inali mphatso yochokera kwa mkazi wake, Joanne Woodward; mu 2017 inapita pa madola 17.8 miliyoni. Apollo 13 ya 1995 ili ndi Omega Speedmaster chifukwa mu 1970 Jack Swigert anawerengadi nayo masekondi 14 oyatsira injini ya chombo chimene chinali pangozi. Ndipo mu Pulp Fiction ya 1994, wotchi yagolide imene Christopher Walken akuifotokoza kwa kamnyamata kena imanyamula gawo lonse la nkhani, chonsecho oonera ambiri sangakuuzeni kuti inapangidwa ndi kampani iti. Ndiye tiyankheni: ngati chimene chimagwira mtima ndi nkhani yoona, mukupitiriza bwanji kutigulitsa nkhani zophika m'chipinda cha misonkhano?

Za Interstellar tinene chilungamo. Wotchi imene bambo akusiyira mwana wake Murph ikugwira ntchito yeniyeni m'nkhaniyo. Muvi wake wa masekondi ndiwo ukunyamula uthenga. Pamenepo wotsogolera filimuyo, Christopher Nolan, anachita bwino. Koma mu 2019 wotchiyo inafika m'sitolo, misozi ya oonera itasanduka mtengo wa pa shelefu. Hamilton imanyadira kuti yaoneka m'mafilimu oposa 500, ndipo kuyambira 2006 imapereka mphoto kwa anthu ogwira ntchito kuseri kwa kamera. Amene amasankha zoti wosewera avale pa mkono ali m'gulu lomwelo la kuseri kwa kamera. Inu simukuonapo chovuta? Hamilton ndi Omega ndi ana a bambo mmodzi, Swatch Group. Ndi oonera angati amadziwa kuti wotchi ya kazitape ndi wotchi ya woyendetsa chombo zimatsira m'thumba limodzi?

A Rolex, musamwetulire. Kuyambira 2017 ndinu othandiza mwambo wa ma Oscar. Mwini wake wa kampani yanu ndi bungwe la Hans Wilsdorf Foundation, ndipo mabuku anu a ndalama simuonetsa poyera. Amene amathandiza phwando la opereka mphoto safunika kugogoda pa khomo la wopanga filimu aliyense. Kodi si choncho? Nanunso a TAG Heuer: McQueen anamwalira mu 1980, koma akugwirabe ntchito m'zotsatsa zanu, mpaka mu 2009 munamupikisanitsa ndi Lewis Hamilton pa kanema. Munthu wakufa adzapuma liti? Anavomera liti kukhala wogulitsa wanu mpaka kalekale?

Tsopano tifike pamene mwakhala chete kwenikweni. Alipo mafilimu onena za manja amene amapanga mawotchi. Unrueh, ya Cyril Schäublin, ya 2022, ikuonetsa amayi a m'fakitale ku Saint-Imier m'zaka za m'ma 1870, akuyezedwa liwiro la ntchito yawo ndi mawotchi omwe ankapanga okha. Inalandira mphoto ku Berlin. Radium Girls ya 2018 ikusimba za atsikana a ku New Jersey amene ankapaka manambala a mawotchi penti ya radium kuti aziwala usiku. Anaphunzitsidwa kusongola burashi ndi milomo. Mano anaguluka, nsagwada zinaola, ena anafa asanakalambe. Grace Fryer ndi anzake anayi anakasuma, ndipo mu 1928 anagwirizana ndi United States Radium Corporation zolandira madola 10,000 aliyense. Mafilimu awiriwa munawaitanirapo atolankhani? Munawaonetsapo m'nyumba zanu zosungiramo mbiri? Munatulutsapo wotchi yokumbukira Grace Fryer, ngakhale 7 zokha? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mudzati imeneyo inali kampani ya ku America, si inu. N'zoona. Koma radium inagwiritsidwanso ntchito pa mawotchi a ku Switzerland mpaka m'zaka za m'ma 1960, ndipo ambiri opaka pentiyo anali amayi ogwirira ntchito kunyumba kwawo. Mu 2015 boma la Switzerland linayamba ntchito yofufuza ndi kuyeretsa nyumba zimene zinatsala ndi poizoniyo, m'matauni ngati Biel ndi La Chaux-de-Fonds. Biel yomweyo kumene kuli likulu la Omega. Ma Submariner a m'zaka za m'ma 1950, a mtundu umene Connery anavala, ankawala ndi radium yomweyo. Okonda mawotchi amaloweza nambala ya wotchi imeneyo, 6538, ngati tsiku lawo lobadwa. Dzina la mayi mmodzi yekha amene anapaka manambala ake mungawauze? Lilipo m'mabuku anu? Munalifufuzapo?

Tikufuna zinthu ziwiri, ndipo zonse mungathe kuchita chaka chino chisanathe. Wotchi ikalowa m'filimu chifukwa cha mgwirizano, zilembedwe kumayambiriro, m'malemba oti munthu awerenge ali pampando. Ndipo inu amene mumati mbiri ndiye chuma chanu chachikulu, tsegulani mabuku a ogwira ntchito a nthawi ya radium kwa ofufuza ndi kwa opanga mafilimu amene simunawalipire. Pa ziwirizi, chikukuvutani ndi chiti?