Mapu a masewera a pafoni akukhudzanso midzi ya ku Fonte Boa

FONTE BOA. Masewera a pafoni omwe amafuna kuti wosewera aziyenda m'misewu yeniyeni, monga Pokémon GO, ambiri amawaona ngati nkhani ya achinyamata a ku Maputo kapena ku Lilongwe. Koma mapu omwe masewerawa amayendera akukhudzanso mlimi wa mbatata ya kachewere wa ku Fonte Boa, m'boma la Tsangano, ngakhale sanasewerepo n'kamodzi komwe.

Masewera otchuka a mtunduwu amafanana chifukwa ambiri anachokera ku kampani imodzi, Niantic ya ku United States. Kampaniyi inayambira mkati mwa Google ndipo inaima payokha mu 2015. Sewero lake loyamba, Ingress, linatuluka mu 2012. Osewera ankajambula matchalitchi, zipilala ndi malo ena odziwika, n'kutumiza zithunzizo ku kampani pamodzi ndi manambala a GPS. Pokémon GO itatuluka mu Julayi 2016, ambiri mwa malo amenewa anasanduka ma PokéStop. Masewera a Pikmin Bloom a mu 2021 ndi Monster Hunter Now a mu 2023 anatapanso m'nkhokwe yomweyo. N'chifukwa chake dera lomwe palibe amene analijambula limaoneka lopanda kanthu m'masewera onsewa, ndipo osewera a kumidzi m'mayiko ambiri akhala akudandaula zimenezi.

Misewu ndi mitsinje yomwe imaoneka pa foni imachokera kwina. Kumapeto kwa 2017, Pokémon GO inasiya Google Maps n'kuyamba kugwiritsa ntchito OpenStreetMap, mapu aulere omwe munthu aliyense angathe kulembamo. Apa ndi pamene nkhaniyi ikufikira chigawo cha Tete. Namondwe Idai atawononga pakati pa dziko la Mozambique mu Malichi 2019, anthu ongodzipereka a bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team anajambula nyumba ndi misewu pa mapu omwewa poyang'ana zithunzi za setilaiti, kuti opereka thandizo adziwe kolowera. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize. Pa nthawi ngati imeneyo, njira ina yodutsira yomwe sinalembedwe pa mapu imadziwika ndi eni dera okha.

Vuto ndi lakuti wojambula ali ku Ulaya amangoona denga la nyumba. Sadziwa dzina la mudzi, sadziwa ngati mjigo ukutuluka madzi, kapena ngati msewu wafumbi wopita ku Ulónguè umapitika mvula ikagwa. Mishoni ya Fonte Boa, yomwe ansembe achijezwiti anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1940, ndi yosavuta kuizindikira pa chithunzi. Zigayo, misika ya m'midzi ndi timilatho ta mitengo zimafuna munthu wa komweko kuti azilembe.

Pali funso linanso: zomwe anthu amajambula zimakhala za yani? Zolembedwa pa OpenStreetMap aliyense angazitenge mwaulere, kaya ndi chipatala, sukulu kapena ofesi ya boma. Zotumizidwa kudzera m'masewera zimapita m'manja mwa kampani. Mu Novembala 2024 Niantic inalengeza kuti ikugwiritsa ntchito zithunzi zochokera kwa osewera pophunzitsa makina ake kuzindikira malo. Mu Malichi 2025 inagwirizana zogulitsa masewera ake ku Scopely pa mtengo wa madola 3.5 biliyoni. Scopely ndi ya Savvy Games Group, kampani ya thumba la chuma la boma la Saudi Arabia. Osewera omwe anayenda mtunda kujambula malowo ankachita zimenezi popanda malipiro.

Komanso si malo onse oyenera kuikidwa m'sewero. Mu 2016 akuluakulu a paki ya chikumbutso ya ku Hiroshima anapempha kuti malo awo achotsedwe mu Pokémon GO, ndipo anachotsedwa. Ku Angónia ndi Tsangano, manda ndi dambwe la Gule Wamkulu ndi malo omwe munthu salowamo mwachisawawa. Mnyamata wofuna kulemba mudzi wake pa mapu ayenera kuyamba wafika kwa anyakwawa kuti amve zoyenera kuonetsa ndi zoyenera kusiya.

Chotsekereza china ndi mtengo wa mamega. Mu Meyi 2024 bungwe la INCM litasintha mitengo ya intaneti, ophunzira anachita zionetsero mpaka boma linaimitsa mitengoyo. Masewera a GPS amadya mamega ndi batire, ndipo kwa banja lotchajitsa foni pa sola ya mnansi, ndalama imeneyo ili ndi ntchito zina.

Choncho mwayi waukulu kwa dera la Fonte Boa uli pa mapu aulerewo kusiyana ndi pa masewera. Ophunzira a ku sekondale okhala ndi foni imodzi ya GPS angathe kulemba mayina a midzi, mijigo ndi milatho ya m'dera lawo mvula isanayambe. Zolembedwazo zidzathandiza dalaivala wa ambulansi wochokera kutali, ndipo masewerawo akadzatenganso mapu atsopano, misewu yomweyo idzaonekanso pa mafoni a osewera.