Kodi Tikonze Katchulidwe Kati?

Mphunzitsi watsopano akatumizidwa ku Nsabwe, ku Thyolo, amafika ndi changu chofuna kuti ana alankhule Chingerezi chonga cha pa wailesi ya BBC. Amatha phunziro lathunthu akuwaumiriza kuika lilime pakati pa mano potchula "three". Ine ndikuti nthaŵi imeneyo imangotayika.

M'chaka cha 1995 akatswiri aŵiri, Murray Munro ndi Tracey Derwing, anaonetsa kuti munthu angathe kulankhula ndi katchulidwe kachilendo ndithu, koma womvera n'kumva zonse. Mu 2000 Jennifer Jenkins anaonjeza kuti pakati pa anthu amene Chingerezi anachita kuphunzira, "th" sasokoneza kwenikweni. Zosokoneza ndi zina: kusinthanitsa makonsonanti, kusasiyanitsa vawelo lalitali ndi lalifupi, ndi kutsindika liwu losayenera m'chiganizo.

Tsono taonani ana athu. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha, choncho "live" ndi "leave" amamveka ngati liwu limodzi. Kwa ife l ndi r sasiyanitsa tanthauzo, ndipo mwana amati "play" pofuna kunena "pray". Apa mpofunika thukuta lanu, pakuti tanthauzo lasintha, monga momwe mtengo wa kunkhalango umasiyanirana ndi mtengo wa pamsika chifukwa cha kukweza kapena kutsitsa mawu.

Koma chizoloŵezi chathu choonjeza vawelo musachide kwambiri. Kalaliki wa pa sikelo akati "fifitini" kapena "fifite", wothyola tiyi amadziŵa makilogalamu ake ndipo salandidwa kanthu. Woopsa ndi uja amameza konsonanti yomaliza pofuna kumveka ngati mzungu. Jenkins nayenso anapeza kuti kuchotsa konsonanti kumaononga kuposa kuonjeza vawelo.

Ambiri mwa ana a ku Thyolo ndi zidzukulu za Alomwe amene anachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Agogo awo anaphunzira Chimang'anja ali akulu. Lilime la kwawo silinachoke, komabe anagula, anagulitsa, nakamba milandu pabwalo. Anatha kutero chifukwa sanaope kubwereza, kapena kunena chinthu mwa njira ina ataona kuti mnzawo sanamve. Luso limeneli limaphunzitsika. Khazikani ana aŵiriaŵiri, wina afotokoze njira yochokera kusukulu kufika kufakitale, mnzakeyo ajambule zimene wamva. Chojambulacho chikalondola, musamdule mawu wolankhulayo chifukwa cha "th".